Vinyo wa M'chitini Chadzimbiri

1

Mukadzafika ku esiteti ya Hoogstil, kuchigwa cha mtsinje wa Breede, amene adzakulandireni m'chipinda cholawira vinyo ndi ine. Ndidzakusekererani mano onse pamtunda, ndidzakuthirirani vinyo wofiira m'tambula, kenako ndidzaloza kuphiri n'kukuuzani kuti mipesa yakale mukuionayo anabzala ndi manja ake Oubaas Gideon, malemu bambo wa bwana wathu. Musadzandimvere. Mkulu ameneyo khasu ankaliona m'manja mwa anthu ena basi. Anabzala ndi agogo anga, anaisamala ndi bambo anga, ndipo lero amene amaudziwa mpesa uliwonse ngati mwana wobala yekha ndi mchimwene wanga, Sakkie.

Komabe limenelo ndi bodza la kuntchito, amandilembera kuti ndizilinena. Limene likundidya ine ndi lina, la kunyumba, ndipo ndi limene ndikufuna kulavula lero.

Dzina langa ndine Verna Jafta, ndili ndi zaka 29. Ndinabadwira pa esiteti pomwepa, m'nyumba za antchito kuseri kwa damu, zija amazipaka laimu mbali yoyang'ana kumsewu yokha. Tinali atatu: amayi, amene aliyense amawatchula Antie Lya, Sakkie, ndi ine. Bambo anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, maso ali achikasu, mimba itatupa. Chinawapha ndi dopu.

Dopu anali vinyo wa antchito, nsenga zotsala pansi pa migolo, ndipo ankaperekedwa ngati mbali ya malipiro. Belu linkalira kasanu pa tsiku. Likalira anthu ankandanda pakhomo la nyumba yosungira vinyo, aliyense n'kutenga chitini chake pa msomali wake, kapitawo n'kuthira. Unkamwera pomwepo, iye akuona, n'kubweza chitini pa msomali. Zimenezi zinatha ine ndili khanda, koma m'nyumba mwathu munatsala chitini chimodzi, cha jamu, chadzimbiri, chopindika pakamwa. Chinkakhala pa shelefu pamwamba pa mbaula, pambali pa Baibulo. M'mawa uliwonse amayi ankachipukuta fumbi n'kuima kanthawi akuchiyang'ana, asanateleke madzi. Ine ndinkati n'cha bambo, ndipo chinkandinyansa. Munthu n'kumapukuta chinthu chimene chinapha mwamuna wako ngati chikho chowina pampira? Amayi enieniwo mowa sankaukhudza, ngakhale vinyo wa mgonero ankangopatsira mnzawo.

Sakkie ndi wamkulu kwa ine ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ngakhale kuti mukamuonera kumbuyo simungatero. Ndi wamfupi, wamutu waung'ono, mawu amamuthawa ali pakati polankhula, ndipo sukulu inamukana ali kalasi yachitatu. Koma mumupatse sizasi yodulira mpesa muone. Mipesa ya kuphiri ija ilibe waya, sithiriridwa, imangokhala ngati zitsa, ndipo ukadula molakwika diso limodzi lophukira nthambi chaka chimenecho waphonya. Bwana salola munthu wina kuikhudza. Sakkie anamwapo mowa zaka zambiri, tsiku lina mpaka anagulitsa ketulo ya amayi, koma pa nthawi ya nkhaniyi anali atatha zaka ziwiri osalawa ngakhale dontho. Ine ndiye ndinali mwana wanzeru wa Antie Lya, womaliza sukulu, wa Chingerezi chosapunthwa. Mawu amenewo ankandikomera kuposa chakudya.

2

Chitini chinasowa mu Julaye, nyengo yodulira mpesa, mvula yozizira ikuvumba tsiku ndi tsiku. Linali Lachiwiri m'mawa. Ndinali patebulo ndi khofi wanga pamene amayi anatambasula dzanja pa shelefu n'kupeza palibe kanthu. Anasuntha Baibulo. Anasuzumira kuseri kwa mbaula, anagwada n'kupapasa kunsi kwa kabati. Podzuka nkhope yawo inali itasintha moti ndinaleka kutafuna buledi.

Sakkie anali pakhomo akuvala majombo.

"Chili kuti?" anamufunsa.

Iye anayang'ana pa shelefu, anayang'ana ine kamodzi, kenako anazyolika.

"Sakkie, ndikufunsa iwe. Ketulo ndinakukhululukira. Ichi wapita nacho kuti?"

"Sindinagulitse, Amayi."

"Sindinafunse zogulitsa. Ndati chili kuti?"

Sakkie akapanikizika mawu amamuthawiratu, amangotsegula pakamwa n'kutsekanso, ndipo kwa munthu wokwiya zimenezo zimaoneka ngati kuvomera. Amayi sanakuwe. Analankhula chapansipansi kuti mwa anthu onse iye ndiye ankadziwa za chitinicho, ndipo ngati wasankha kuwalanga motero, akawalangire kunja kwa nyumba yawo. Adzabwere tsiku limene adzabwere nacho.

Ndinaponyapo kaliwu kamodzi kaulesi, koti n'chitini chabe, tikhoza kugula jamu wina. Amayi anatembenukira kwa ine.

"Iwe sukudziwa kanthu, mwana wanga, ndipo ndinayesetsa kuti usadziwe. Imwa khofi wakoyo."

Ndinamwadi khofiyo. Chimenechi musachiiwale: mchimwene wanga anapinda bulangeti lake, anaika sizasi m'thumba, anatuluka pamvula, ine ndili pheee ndi kapu m'manja. Anakakhala m'kashedi ka pampu m'mphepete mwa damu, mmene mumanunkha dizilo ndi mikodzo ya makoswe. Ndinadziuza kuti amayi apsa mtima masiku awiri atatu basi, pofika Lamlungu amuitana. Anakhalamo miyezi isanu ndi itatu.

3

Mwezi womwewo kuntchito zinandiyendera. Nditatsuka matambula zaka zinayi, Mevrou Ilse, mkazi wa bwana Rikus, anandichotsa kusinki n'kundiika kutsogolo, kolandira alendo. Anandipatsa epuloni ya nsalu yabwino ndi kabaji kolembedwa dzina langa. Amayi anakachitira umboni kutchalitchi.

Mevrou Ilse anakulira ku Cape Town, ndipo mawu osachoka pakamwa pake anali akuti "cholowa chathu". Chilichonse chakale chinali cholowa: goli la ng'ombe, mpando wothyoka mwendo, ngakhale belu lija, limene analipaka utoto n'kulibzalira maluwa mozungulira. Chaka chimenecho ankakonza vinyo watsopano wa mipesa ya kuphiri, wofiira moderapo, woti adzamuonetse kwa anthu mu Malichi tikamaliza kukolola. Dzina lake linali chinsinsi. Ankalidziwa ndi iye ndi bwana, wopanga vinyo, ndi ine.

Mu Januwale munabwera makatoni a zitini zatsopano za ku fakitale. Zinali zonyezimira kwambiri, ndiye Mevrou anati tizipake viniga ndi mchere kunja kuti zichite dzimbiri msanga. Ndinapaka ndi manja angawa, titadzitsekera m'chipinda. Kalipentala anakhoma misomali mizeremizere pakhoma la nyumba yosungira vinyo, pamene panali yakale ija, n'kuphimba ndi chinsalu. Kenako Mevrou anandipatsa pepala loti ndiloweze, ndipo linkayamba motere: "Kalelo, dzuwa likapendeka, bwana ndi antchito ake ankagawana vinyo ngati banja limodzi." Nditaliwerenga koyamba linandinyansa. Pofika tsiku lachitatu ndinali ndikulinena mosajejema, ndi kumwetulira komwe pa mawu akuti banja. Munthu amazolowera fungo lililonse malinga akudyerapo.

Nthawi yonseyo Sakkie anali kudamu. Pofika Okutobala anali atayambiranso kumwa, uja wa m'zigubu zapulasitiki wogula kuseri kwa sitolo. Lolemba ankafika kumunda maso ali psuu, koma mzere wake wa mipesa unkaposabe wa aliyense. Antie Dollie, aneba athu amene nkhani ikawadutsa amadwala, anandiimitsa tsiku lina pampopi.

"Adona a kabaji, mwadzuka bwanji? Kapena masiku ano moni n'ngwa Chingerezi? Achimwene anu dzulo tawatola m'ngalande, ife osaphunzirafe. Mukamathirira azungu wa m'tambula muzikumbuka kuti kudamu kulinso kasitomala."

Ndinaseka nawo, poti ukakwiya kwa Antie Dollie wawapatsa nkhani yachiwiri.

Amayi nawo ankafota. Dzina la Sakkie silinkatchulidwa m'nyumba, koma m'mawa ankaimabe pa shelefu paja, kansalu kopukutira m'manja, kuyang'ana pamalo opanda kanthu. Pa Khirisimasi anaphika nyama ya nkhosa ya matimati, imene Sakkie amaikonda, anapakulira m'bakuli n'kundipatsa. Anati ndimuuze kuti yachokera kwa Antie Dollie. Ndinamupeza atakhala pa chitini cha dizilo akunola sizasi yake. Ananunkhiza bakuliyo n'kumwetulira, chifukwa Antie Dollie saphika choncho. Analandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo, Sussie," dzina limene amandiitana chibadwire changa. Sanandifunse kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Ndinkalakalaka atanditukwana, koma iye ankangofuna kudziwa ngati amayi akumwa mankhwala awo, ndiponso ngati denga la kukhitchini likudonthabe.

4

Kutatsala sabata kuti phwando loonetsa vinyo watsopano uja lichitike, ndikuweruka kuntchito ndinapeza galimoto ya bwana Rikus itaima pakhomo pathu. Chibadwire sindinaionepo itafika kuseri kwa damu. Bwanayo anali pakhonde, chipewa m'manja, akuuza amayi kuti Loweruka adzakhala mlendo wolemekezeka, mpando wawo uli kutsogolo, ndipo wawakonzera kanthu kowadabwitsa. Rikus si munthu wouma mtima, ndipo vuto lake ndi lomwelo: akakupondani amayesa akukusisitani. Pochoka ananditsinzinira diso ngati tili pa chiwembu chimodzi.

Ndinayesa zonse kuti amayi asapite. Ndinati kudzatentha, miyendo idzawatupa. Ndinati kudzadzaza zidakwa za mataye, mayi wopemphera alibe malo pamenepo. Ndinati ndikawapepesera ndekha kwa bwana kuti adwala.

"Ndiname kuti ndadwala, Mulungu akumva?" anatero akusita diresi lawo la buluu. "Nyumba ino ndi yake, Verna. Ine ntchito ndinapuma kalekale, ndikukhala muno chifukwa sanandikumbukire. Belu likalira sufunsa kuti lalirira chiyani. Umapita."

"Nanga akakakuchititsani manyazi?"

"Manyazi anji, mwana wanga ali pomwepo atavala kabaji?"

Pamenepo mpata unalipo. Tinali awiriwiri, chitseko chotseka, ndipo mawu anali atafika kale palilime. Ndinangoti diresilo latuluka bwino, n'kupita kukatunga madzi osamba.

Lachisanu ndinapita kwa Mevrou Ilse kukapempha kuti dzina langa lisadzatchulidwe paphwando, ndiponso kuti amayi asadzawaimiritse pagulu poti ndi amanyazi. Anaseka, anandigwira tsaya, anati anthu a kuno tikanakhala onyadira mbiri yathu tikanapita patali. Anandituma kuti ndikawerenge ngati misomali ikukwanira alendo onse.

5

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Magalimoto anadzaza mpaka kumsewu. Pakapinga panali nkhosa ziwiri zikuwotchedwa zathunthu, matebulo a nsalu zoyera, ndi antchito onse atavekedwa malaya atsopano ofanana kuti aimbire alendo nyimbo zokolola. Sakkie anali kumapeto kwa mzere, malaya atamukulira, atasamba, asanalawe kanthu. Amayi anakhala kutsogolo, chikwama pamiyendo, osayang'ana kumene kunali iye.

Kenako Mevrou Ilse analiza belu.

Ndinaona nkhalamba zathu zikudzidzimuka m'mapewa, zina mpaka kunyamuka pampando zisanakumbuke chaka chimene tili. Chinsalu chinachotsedwa pakhoma, ndipo alendo anafola mzere, madona a zipewa zazikulu ndi mabwana a mimba zawo, aliyense kutenga chitini pa msomali, ine kumathira pamalo a kapitawo. Ankaseka, ankajambulana, wina anati vinyo wa m'chitini amakoma mwachikale. Pabotolo panalembedwa kuti Die Blikkie, kutanthauza Chitini. Sindinayerekeze kuyang'ana kumene kunali amayi.

Bwana Rikus anakwera pa bokosi n'kulankhula za mibadwo itatu, za nthaka, za thukuta, za mipesa imene siinathiriridwepo koma siifa. Mawu akuti banja anawatchula mpaka ndinaleka kuwerenga. Atatha ananyamula kabokosi ka thabwa n'kukatsegula.

"Zimene mukumwerazo n'zongofanizira," anatero. "Chenicheni ndi ichi. Chinali cha malemu Floors Jafta, amene anatumikira bambo anga zaka makumi atatu. Nzeru yonse ya vinyo ameneyu inachokera kwa mwana wake, Verna wathuyu. Ndi iye anatibweretsera chitinichi, ndipo anatiuza kuti mayi ake apereka ndi mtima wonse. Tamuomberani m'manja."

Anaomba. Inde, owerenga, ndinali ine. Mu Julaye muja Mevrou anatisonkhanitsa tonse a kukhitchini n'kufunsa ngati wina ali ndi nkhani yakale yoyenera botolo latsopano. Anzanga anangoti zii, ndipo lero ndikudziwa kuti si chifukwa chosowa nkhani. Ine, wotopa ndi sinki, ndinakweza dzanja. Lolemba masana, amayi ali kukwaya, ndinachitsitsa pa shelefu n'kuchiponya m'chikwama. Ndinadziuza kuti ndikuchotsa nyansi m'nyumba, kuti amayi adandaula pang'ono n'kuiwala. Kutacha mlandu unagwera Sakkie, ndipo ndinausiya pomwepo chifukwa unamukhala bwino kuposa ine.

Bwana anadzaza chitini mpaka pakamwa, anatsika, anayenda mpaka pa amayi n'kuwerama mwaulemu.

"Antie Lya, dontho loyamba ndi lanu. Timukumbukire Floors."

Amayi analandira ndi manja awiri. Sindikhulupirira kuti anaganiza, thupi linangokumbuka lokha. Dopu sankamukana, sankamutula pansi, sankapita naye kunyumba. Unkamwera pomwepo, wothirayo akuona. Amayi anali atatha zaka zoposa makumi atatu osalawa, koma ndinaona chitini chikukwera pang'onopang'ono, vinyo akudonthera pa diresi la buluu, maso awo ali pa ine. Ndinali pafupi moti ndikanangotambasula dzanja. Ndinaima ndi botolo langa ngati chitsa.

Amene anasuntha ndi Sakkie. Anatuluka pamzere wa oimba, anadutsa pakati pa matebulo n'kugwira dzanja la amayi. Analankhula motsitsa, ndipo ulendo uno mawu sanamuthawe.

"Bwana, si cha bambo ichi. Cha bambo chinatayika kalekale. Ichi n'cha amayi." Kenako anatembenuka. "Bweretsani kuno, Amayi. Ine ndinayamba kumweramo ndisanabadwe. Palibenso choti chiwononge."

Anagugudiza chonse osapumira. Alendo akumbuyo, amene sanamve kanthu, anaimba miluzu ndi kuomba m'manja, mafoni m'mwamba. Mayi wina wa chipewa chapinki anapempha kuti abwereze, chithunzi chake sichinatuluke bwino. Ndinathamangira kuseri kwa migolo n'kusanzira epuloni yanga.

6

Tinabwerera kunyumba dzuwa likadali pamutu, atatu, wina pambuyo pa mnzake. Antie Dollie anali pampopi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anatilola kudutsa osanena kanthu. Amayi anakhazika Sakkie pampando wa bambo, anamuvula nsapato, anamuphikira khofi wopanda mkaka. Kenako anandiuza, maso ali pambaula, zimene anandibisira moyo wanga wonse.

Nthawi yokolola akazi nawonso ankalandira dopu. Amayi analandira ali ndi pakati pa Sakkie, kasanu pa tsiku monga anzawo onse, ndipo panalibe anawauza kuti mwana wa m'mimba akumwa nawo. Ena ankati vinyo amawonjezera magazi. Sakkie atafika zaka zitatu asanayambe kulankhula, nesi wa kukiliniki anamuyang'anitsitsa nkhope n'kufunsa amayi kuti ankamwa zitini zingati. Tsiku lomwelo anakachotsa chitini chawo pa msomali, kapitawo akuwanyoza, n'kuchiika pamene azichiona m'mawa uliwonse, kuti ludzu likabwera liziyamba lakumana nacho. Ludzulo, anatero, silinawachokepo ngakhale tsiku limodzi. Amayi anamuuza Sakkie zonse iye atakwanitsa zaka makumi awiri, atamugwadira, ndipo iye anawakhululukira. Ndiye chitini chitasowa anaganiza kuti chikhululukiro chija chamuthera, wayamba kubwezera. Ine anandibisira dala, kuti pakhale mwana mmodzi wowayang'ana mopanda mlandu.

Ndinafunsa Sakkie ngati ankadziwa kuti ndinali ine.

"Ndinakuona pawindo, Sussie. Unaponya m'chikwama chako chofiira chija."

"Nanga osanena bwanji, Boeta, mchimwene wanga? Miyezi yonseyi?"

Anakanda m'mutu nthawi yaitali, kusakasaka mawu.

"Amayi ali ndi mwana mmodzi amene anatuluka bwino. Ndikananena akanatsala ndi ndani? Ine kulakwa ndinazolowera."

Ndinagwada, ndinalira mpaka mamina, ndinanena zonse zimene munthu wogwidwa amanena: sindinkadziwa, ndinkayesa n'cha bambo, ndikanadziwa sindikanatero. Amayi anadikira mpaka nditamaliza.

"Za chitini sunadziwe, n'zoona," anatero. "Koma za mvula unadziwa. Za kudamu unadziwa. Inenso mwanayu ndinamuwononga, Verna, koma ine ndinamuwononga ndisakudziwa. Iwe unkadzuka m'mawa uliwonse ukudziwa, n'kudzola mafuta, n'kupita kuntchito."

Sanandimenye, sanandithamangitse. Anangodzuka n'kukaviika diresi lawo m'madzi amchere.

7

Lolemba bwana Rikus anabwera ndi chitini chotsukidwa bwino, nkhope ili yofiira, akupepesa kuti sankadziwa. Pa esiteti imeneyi aliyense sankadziwa. Amayi anamuthokoza n'kumuuza kuti akhale nacho, poti chowakumbutsa chabwerera kunyumba ndi miyendo yake. Vinyo uja anatha yense m'miyezi iwiri, ndipo chaka chino apanga wochuluka. Belu analeka kuliza, papepala langa anachotsapo mzere umodzi, koma misomali ikadali pakhoma ndipo amene amathira ndi ine ndemwe. Ndimadziuza kuti ndikutchinjiriza nyumba ya amayi. Mwina n'zoona, mwina ndi bodza lina. Masiku ano mawu anga ndimawakayikira.

Sakkie anabwerera kunyumba, koma zaka zake ziwiri zija sizinabwerere naye. Amatha milungu itatu, inayi, kenako Loweruka lina amakamutola. Akadzuka amayambiranso. Sanandinenepo liwu loipa, ndipo akandiona amafunsa ngati ndadya. Ine ndinasamukira ku Worcester, m'kachipinda ka lendi, ndimapita kuntchito pa minibasi. Palibe anandiuza kuti ndichoke, ndinangoona kuti sindingathe kudya patebulo limodzi ndi munthu ameneyu tsiku ndi tsiku.

Owerenga anzanga, anthu amene amatenga manyazi athu n'kuwapachika pakhoma ngati zokongoletsa amandinyansa, ndipo adzandinyansa mpaka kufa. Koma chitini chija sichinayende chokha kuchoka pa shelefu. Panafunika wa m'nyumba womwemo, wodziwa nthawi ya kwaya. Mukaona makolo anu akusamala kanthu kooneka kachabechabe, funsani musanakhudze, ndipo akakana kukuyankhani kasiyeni pomwepo. Ndipo ngati kwanu kuli munthu amene dzina lake limayamba kutchulidwa chinthu chikasowa, tsiku lina mudzachedwe pang'ono kumuloza chala. Mudzayang'ane kaye wosamba bwino amene wakhala chete patebulo.

Lamlungu lililonse ndimapita kukawaona. Amayi amandilandira bwino kwambiri. Amayala nsalu yoyera patebulo, amanditulutsira kapu ya maluwa imene amamwera abusa, amandifunsa za ulendo, ndipo nthawi ikakwana amandiperekeza mpaka pamsewu n'kundithokoza chifukwa chobwera. Sakkie ndiye amamukalipira chifukwa cholowa ndi matope, amamutuma nkhuni, amamukoka khutu akaiwala kutseka chitseko. Ine ndimakhala pamenepo ndi kapu ya abusa m'manja, ndikumvetsera akumukalipira, ndipo nsanje imandidya. Patha chaka tsopano amayi anga asanandikalipirepo.